Mlendo wa pacemaker akufuna skii ndi chubu mawa, ndimulole?

Aphiri, Senga Bay: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru usiku womwe uno. Kwabwera bambo wina ndi banja lake, walipira kale skii ndi chubu chokokedwa ndi boti mawa m'mamawa. Pomuyesa life jacket ndaona kotupa pansi pa fupa la phewa la kumanzere, kukula ngati kabokosi ka machesi, ndi chipsera pamwamba pake. Akuti ndi pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino, anamuika ku Johannesburg, ndipo amasambira bwinobwino. Wati fomu iliyonse asaina. Ine mtima sukukhala m'malo.

Ambewe, Nkhata Bay: Ngati amasambira, vuto lili pati achimwene? Asaine, muyende pang'onopang'ono. Makasitomala akusowa chaka chino.

Anabanda, namwino: Pepani Ambewe, ndikutsutseni pang'ono. Madzi paokha savuta, kachipangizoko n'kotsekedwa ndipo kali mkati mwa khungu. Chovuta ndi kugwa. Kuchokera pa kabokosiko pali mawaya opyapyala olowa mumtsempha wa pansi pa fupa lija mpaka mumtima. Boti likanyamuka, chingwe chimakoka mkono mwadzidzidzi, ndipo munthu akagwa pa liwiro amamenyetsa chifuwa pamadzi ngati pa simenti. Waya ukhoza kusuntha kapena kuthyoka pamene wadutsa pakati pa fupalo ndi nthiti yoyamba. Alipo ena amene mtima wawo sugunda mokwanira popanda kachipangizoka. Ameneyo waya ukasuntha amakomoka, ndipo akomokera m'madzi.

Aphiri, kamufunseni izi: anamuika liti? Ngati sipanathe masabata 6, ngakhale kukweza mkono kupitirira phewa saloledwa. Akuonetseninso kakhadi kamene amapatsidwa kuchipatala, muone ngati ndi pacemaker chabe kapena ICD, yomwe imamenya mtima ndi magetsi. Komanso ngati akumwa warfarin kapena mankhwala ena oletsa magazi kuundana, chifukwa pamenepo kumenyetsa kamodzi kokha magazi akhoza kutayikira mkati.

Aphiri: Ndapita kuchipinda kwake. Patha zaka 2, si ICD, koma warfarin akumwa. Kalata ya dokotala alibe. Mkazi wake wandikokera pambali n'kunena kuti ndikanize.

Achisale, Cape Maclear: Kanizani basi, musachite manyazi. Ine ndinanyamulapo wotere pa jet ski tsiku la mwera, tikudumpha mafunde. Titangopita pang'ono anandigwira phewa, nkhope itasintha, akuti mtima ukuthamanga. Anandifotokozera pambuyo pake kuti kachipangizo kake kamamva kugwedezeka kwa thupi n'kuyesa kuti munthu akuthamanga, ndiye kamakweza kugunda. Ndinabwerera kugombe manja akunjenjemera. Kuno chipatala chachikulu chapafupi ndi cha ku Monkey Bay, ndipo waya wa mumtima sakonzera kumeneko.

Anabanda: Zoona Achisale, ma pacemaker ambiri ali nako kachida komva kugwedezeka kameneko. Ndiwonjezere za m'boti: asakhale kumbuyo atatsamira injini ikulira, atalikire masentimita 30 kapena kuposa. Chilichonse cha maginito, kaya sipika ya wailesi kaya chotsekera chikwama cha foni, chisafike masentimita 15 kuchokera pa kabokosiko. Lamba wa life jacket asapanikize pomwepo, koma avale ndithu.

Ambewe: Ndamva achemwali, ndabweza mawu anga. Nanga wa pacemaker wofuna scuba, kulowa pansi pa madzi ndi botolo la mpweya, akabwera kuno kwathu?

Anabanda: Ameneyo popanda kalata ya dokotala wa mtima yotchula mamita amene angafike, asalowe. Kampani iliyonse yopanga tizipangizoti ili ndi malire ake a kuya. Wa ICD musamutenge n'komwe.

Aphiri: Zikomo nonse. Ndalankhula naye. Poyamba anakwiya, akuti ndikumuyesa wodwala, koma nditatchula za waya ndi warfarin anangoti chete. Ana akwera chubu, iye akhala kutsogolo kwa boti n'kumajambula, kenako tipita ku Lizard Island akaone mbuna ndi magalasi nyanja ikadali bata. Ndalama ya skii ndamubwezera. Fomu yathu ilibe funso la pacemaker, Anabanda mundilembere mafunso aja ndikasindikize ku Salima Lolemba.