Za dambo lija la ku Likangala: pomwe tafika

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa zoti tichite ndi kampani ina imene ikufuna kuti dambo la kumunsi kwathu, m'mbali mwa mtsinje wa Likangala ku Zomba, lisinthidwe kukhala mapuloti a nyumba. Ambiri munati tichite zionetsero, koma tinatsata malangizo a mayi wina amene anati tilembe kalata yokana, osangolalata pamsonkhano.

Tinayenda khomo ndi khomo limodzi ndi amfumu, ena akusaina, agogo akudinda chala. Khansala wathu anatiperekeza kukapereka kalatayo kukhonsolo. Tinaikamo zithunzi za mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, madzi atamiza dambo lonselo, nthochi zikungooneka nsonga. Zithunzizo ndiye zinagwira ntchito, kuposa madandaulo athu a mpiru ndi chimanga cha m'dimba, ngakhale kwa ine nkhani yaikulu ndi imeneyo.

Pempho la kampaniyo laimitsidwa kaye mpaka pachitike kafukufuku wa zachilengedwe. Sizinathe ayi, zikhomo zawo zikadalipo.

Mukamakapereka kalata, tengani fotokope yake akudindireni sitampa ya tsikulo. Ine ndinaiwala, mawa lake ndinalipiranso kabaza kubwerera kutauni.