Ndiwafotokozere bwanji achinyamata za Sarah Bernhardt?

Abale anga okonda zisudzo, ndigawireniko nzeru. Ndimaphunzitsa kagulu ka zisudzo ka achinyamata a kutchalitchi kwathu, ndipo mwezi uno tikukambirana za Sarah Bernhardt, mayi wotchuka pa zisudzo wa ku France amene anabadwira ku Paris mu 1844 n'kumwalira mu 1923.

Ine chimandikoka mtima n'kulimba kwake. Mu 1899, ali ndi zaka 54, anasewera mbali ya Hamlet m'chisudzo cha William Shakespeare, yomwe ndi ya mwamuna. Mu 1915 madokotala anamudula mwendo wakumanja, koma sanasiye zisudzo. Ankamunyamula pampando, mpaka anakasangalatsa asilikali a dziko lake pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse.

Tsono Loweruka lapitali ndinawaonetsa pa foni kachigawo ka filimu yake ya 1912, momwe anasewera Mfumukazi Elizabeth ya ku England. Ndi filimu yopanda mawu. Atafika poti mfumukazi ikumwalira, manja ali m'mwamba, kenako n'kudzigwetsa pa mulu wa mapilo, ana onse anafa nacho chiseko. Mtsikana wina anafunsa kuti, "Aphunzitsi, amayiwa ndi omwe mumawatama aja?" Ndinangoti kakasi.

Chovuta n'chakuti mayiyu anatchuka ndi mawu ake, ndipo kamera ya nthawiyo sinkajambula mawu. Zolozaloza ndi manjazo anazizolowera pasiteji, kuti wokhala kumbuyo kwenikweni aone.

Inu amene munaphunzitsapo zisudzo, ndiyambe ndi kuwauza anawa kuti amvetsere mawu ake ojambulidwa, ngakhale ali m'Chifalansa? Kapena ndiwauze asewere okha kachisudzo osayankhula, aone mmene zimavutira?