Ma link ogula sangandigwetse pa Google?

Akuluakulu odziwa za mawebusaiti tandithandizeni. Ndatsegula webusaiti yogulitsa zitenje ndi zosemasema ku Lilongwe kuno, mu Search Console (chida cha Google choonera mmene saiti ikuonekera anthu akamasaka) zikuoneka kuti Google inaiona kale koma ukasaka "zitenje Lilongwe" siikutuluka olo pa peji yachitatu.

Nde pali mkulu wina akuti ndimulipire andiikire ma backlink (ma link olozera ku saiti yanga) ambirimbiri pa masaiti akunja, ati sabata imodzi ndikhala pamwamba. Ine mtima ukukana, paja chitulutsireni Penguin (njira ya Google yogwirira ma link achinyengo) mu 2012 Google imadana ndi ma link ogula, moti link yolipira imayenera kukhala ndi rel="sponsored" kapena nofollow (zizindikiro zouza Google kuti isaiwerengere pokweza saiti), nanga ikakhala choncho ndalama yangayo igwira ntchito yanji?

China, mnzanga wa loji ku Mangochi akuti tisinthane ma link, iye andiike ine ndimuike, kodi zimenezi zili bho kapena nazonso zitha kundipweteketsa poti malonda athu ndi osiyana? Komanso ma link omwe ndimaponya pa Facebook ndi WhatsApp amawerengedwa kapena amangobweretsa anthu basi? Inu amene munadutsamo, munayamba ndi chani saiti ili yatsopano?