Kodi mwambi wakuti "ukaipa dziwa nyimbo" ndi chitonzo kapena chiyamikiro?

Wofunsa, wa ku Linga:

Akuluakulu, ndithandizeni kumasulira mwambi umene wakhala ukundizunguza mutu kuyambira ndili mnyamata. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anthu atatha kukolola mpunga, kuno ku Nkhotakota kunabwera gulu la jazi limene linaimba pabwalo, pansi pa mitengo ya mango, kuyambira dzuwa litapendeka mpaka mwezi utakwera. Achinyamata asaganize za malipenga amkuwa a ku New Orleans ayi, pakuti jazi yakwathu inali banjo ya chigubu cha mafuta, ng'oma yachikopa yoponda ndi phazi, zitsekerero za mabotolo zotungidwa pawaya, ndi babatoni wa chingwe chimodzi amene womuimba ankachita kumukhalira. Kakomedwe kake kankatikumbutsa Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene tinkawamva pa wailesi ya MBC.

Wotsogolera nyimbo anali bambo wamfupi, wa nkhope yodzaza ndi zipsera za nthomba, ndipo anthu ankanena kuti anabwerako ku Joni ulendo wa Wenela, wokagwira ntchito m'migodi, utaimitsidwa mu 1974. Atangotulukira, ana tonse tinaseka, koma atakhudza banjo n'kutulutsa mawu, bwalo linangoti zii, kenaka fumbi linangoti koboo, amayi akulimbirana kukamufupa matambala. Pamenepo agogo anga aakazi, amene anakhala pamkeka osavina, anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ukaipa dziwa nyimbo." Kodi iwo ankamunyoza munthuyo kapena ankamutama?

Mphunzitsi wopuma, wa ku Salima:

Achimwene, agogo anu ankamutama, ngakhale kuti anayamba ndi mawu owawa. Mwambiwu umalangiza munthu amene wapereweredwa penapake kuti asakhale chogwira tsaya, koma akhale ndi luso limene lingachititse anthu kumufuna. Ena amautchula motalikitsa kuti "ukaipa nkhope dziwa nyimbo", ndipo zimenezi zikuonetsa kuti kuipa kwake ndi kwa maonekedwe. Tinkauphunzitsanso motero m'kalasi.

Bambo wina, wa ku Dwangwa:

Aphunzitsi, pepani, ine ndikukayikirako pang'ono. Kwathu ndinamvapo akulu akunena mwambiwu za munthu wovuta mtima, wosamva za anzake, amene mudzi unkangomupirira chifukwa anali yekha wodziwa kusema bwato. Kodi pamenepo kuipa sikukhala kwa khalidwe?

Mayi wachikulire, wa ku Benga:

Bambo a ku Dwangwa, amene ananena choncho anangoukokera mwambiwo kumene iwo ankafuna, chifukwa munthu woipa mtima makolo anali naye ndi mawu ena, monga akuti "chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere". Koma chimene nonse mwachilumpha ndi mawu akuti "dziwa". Makolo sananene kuti ukhale ndi mawu okoma, pakuti mawu munthu amabadwa nawo monga momwe amabadwira ndi nkhope. Iwo anati udziwe nyimbo, ndipo kudziwa kumafuna kukhala pansi, kumvetsera akulu ndi kusunga m'mutu.

Ine ndinavina chioda ndili mtsikana, ndipo ndikukuuzani kuti okongola ankaima kutsogolo, koma gule sankayamba mpaka atafika mayi mmodzi amene ankadziwa kuyambitsa nyimbo, ife n'kumangovomereza. Tsiku limene iye wadwala, ng'oma zinkawambidwa pamoto pachabe, ndipo tonse tinkabalalika ndi nsalu zathu zatsopano. Mayiyo analibe nkhope yoti mnyamata n'kucheukira, komatu palibe ukwati kapena chinkhoswe chimene ankaiwalika kuitanidwa, ndipo nsima yake inkapakulidwa poyamba. Woimba banjo wanuyo anali munthu wotere, ndipo agogo anu anamuzindikira msanga chifukwa mwina nawonso anali woyambitsa nyimbo pamtondo.

Wofunsa:

Zikomo amayi, mwandikumbutsa chinthu chimene ndinachiiwala. Agogo analidi otchuka poyambitsa nyimbo posinja, ndipo analinso ndi diso limodzi lakufa. Usiku umenewo, gule atatha, anandituma kukapereka kwa woimbayo mbale ya mpunga ndi chambo chootcha, chimene anali atasungira agogo aamuna.