"Mlandu suwola": kodi n'kuopseza kapena n'kutonthoza?

Nangozo: Ndamva mwambiwu ukunenedwa kwa munthu amene akudziimba mlandu pa zimene anachita kalekale. Amene ananena ankafuna kumutonthoza. Kodi umatonthoza bwanji? Ine ndimaudziwa ngati woopseza.

Mbewe: N'kuopseza ndithu. Agogo ankaunena pa ngongole ndi pa mbuzi yadya chimanga cha eni. Uthawire ku Joni, ukabwera udzaupeza pabwalo.

Nabanda: Ayi a Mbewe, mbali inayo mwaisiya. Ngati suwola, ndiye kuti ndi kupepesa komwe sikuchedwa. Agogo ankatero potuma munthu kukagwada. Njira yake ndi iyi: osapita wekha. Uyambe wauza amalume kapena ankhoswe, iwo akagogode n'kupempha tsiku. Ukafika, tchula cholakwacho ndi dzina lake: "ndinaba", "ndinakunenerani bodza". Ukati "ngati ndinalakwa" kapena ukaikapo "koma", wawononga, chifukwa wolakwiridwayo amamva kuti ukudziteteza. Kenako bweza chimene chinawonongeka, nkhuku yachipepeso pamwamba. Akulu ankamaliza ndi kudyera mbale imodzi.

Mbewe: Zonsezo zikusonyeza kuti mlandu umadikira mwini wake. Ndi zomwe ndanena.

Gama: Tisiyanitse zinthu ziwiri. Chikumbumtima chimati "ndinachita choipa", ndipo chimakukankha kukakonza. Manyazi amati "ndine woipa", ndipo amakubisa: maliro osapita, foni osayankha, maso pansi. Chipepeso chimatha choyambacho. Manyazi satha ndi nkhuku, amatha ukaulula kwa munthu mmodzi wosunga pakamwa, iye n'kukhalabe nawe pamphasa. Manyaziwo akafika pokulanda tulo ndi chilakolako cha chakudya kwa masabata, kapena poganiza zodzipha, pitani kuchipatala msanga.

Nabanda: Ndipo wolakwiridwa akakana, musamuumirize. Wamkulu abwererekonso pakapita nthawi. Wolakwiridwayo akakhala kuti anamwalira, chipepeso chimapita kwa mwini mbumba. Suwola, khomo silitsekeka.

Mbewe: Khomolo mwaliika nokha, mumwambimo mulibe.

Nangozo: Nanga "madzi akatayika saoleka"? Siukutsutsana nawo?

Gama: Madziwo ndi chochitikacho. Mlandu ndi chotsala pakati pa anthu awiri.

Mbewe: Ana alero akudziwa zimenezi? Angolemba "sole" pa WhatsApp, kachithunzi ka manja, basi. Kugwada kunatha.

Nabanda: Ngakhale "pepani" akumuponya ali chiimire, akuyang'ana foni. Koma pa tanthauzo paja a Mbewe, sindinasinthe.