Injini ya sikuta yang'aluka kunsi, ndiwotcheretse kapena ndimate?

Akuluakulu odziwa za njinga zamoto, ndigawireniko nzeru. Sikuta yanga ya injini ya GY6 150cc yang'aluka pafupi ndi bawuti yokhetsera oyilo. Mlandu ndi wanga ndithu, ndinamangitsa kwambiri sabata yatha. Mng'aluwo ndi wochepa ngati tsitsi, koma m'mawa uliwonse ndimapeza oyilo atadontha pasimenti.

Wowotcherera wa kwathu kuno akuti popeza ndi aluminiyamu, pakufunika makina a argon, komanso injini imasulidwe yonse. Mnzanga wina akuti nditsuke ndi petulo, ndipale ndi sandipepa, kenako ndimate Pratley Steel. Kodi zomatazi zimapirira kutentha ndi mabampu? Alipo anayesapo? Kapena ndingosaka injini yakufa ndichotseko mbali imeneyo? Sikutayi ndiyo ndimayendera popita kuntchito.