Za mphaka wodzimbidwa uja

Abale, ndinafunsa ngati dzungu lingathandize mphaka wathu amene ankadzimbidwa, komanso ngati kuli bwino kumpatsa usipa wauwisi. Ndabwera ndi zotsatira.

Dzungu lathandizadi. Ndimaliphika lopanda mchere, kulikanya, n'kusakaniza kasupuni kamodzi ka tiyi m'chakudya chake. Poyamba ankangonunkhiza n'kuchokapo mchira uli m'mwamba, pano amanyambita mbale. Chimbudzi chafewa, sakuliranso akamakumba mchenga kuseri kwa khitchini. Komabe dzungu si chakudya chake, thupi la mphaka limafuna nyama basi. Dzungu limangofewetsa za m'mimba, ndipo mukachulutsa amatsegula.

Nkhani yaikulu ili pa nsomba. Kuno ku Mangochi usipa susowa, ana amangomuponyera akamachokera kunyanja. Alangizi a ziweto anandichenjeza kuti nsomba zambiri zosaphika zimakhala ndi thiaminase, chinthu chimene chimawononga vitamini B1. Mphaka akamadya zotere tsiku ndi tsiku amayamba kukana chakudya, kenako kudzandira, khosi kuweramira pansi, mwinanso kukomoka. Moto umathetsa vutoli, ndiye tsopano timayamba tawiritsa.

Ena munati ndizimpatsa nkhuku yaiwisi. Ineyo ayi. Ndi kutentha kwa kuno nyama sichedwa kuwonongeka, ndipo tizilombo toyambitsa matenda totchedwa Salmonella tingafike kwa ana amene amanyamula mphakayo. Mitima ya nkhuku ndimampatsa yowiritsa pang'ono, chifukwa muli taurine, michere yofunika pa maso ndi mtima wake.

Zotsala za ndiwo tamuletsa, apongozi akudandaula kuti tikumulera ngati mwana wa bwana. Koma anyezi wa mumsuzi amawononga magazi a mphaka.